Kulera ndi Kuleredwa ku Kazuni

Munthu wochokera pa Boma la Rumphi kulunjika chakumadzulo, akayenda makilomita pafupifupi 30, amafika pa Kazuni, pamene pali chipata choloŵera m'nkhalango yosungiramo nyama ya Vwaza Marsh. Pomwepo pali nyanja yaing'ono ya Kazuni, imene imalandira madzi a mtsinje wa South Rukuru. M'chilimwe, madambo akauma, njovu zimatsikira kunyanjayi m'magulumagulu kudzamwa madzi, mvuu zili ngundangunda m'matope. Alendo ochokera kutali amabwera kudzaona zimenezi. Koma kunja kwa malire a nkhalangoyo kuli midzi, ndipo m'midzimo muli makolo ndi ana amene moyo wawo suoneka pa zithunzi zimene alendo amajambula. Nkhani ya lero ikukamba za iwoŵa: m'mene akhala akudalirana, zimene zasokoneza kudalirana kwawo, ndiponso zimene zingakulimbitse.

Omvera a ku Nsanje, a ku Dedza kapena a ku Mangochi angathe kuyesa kuti za ku Kazuni n'zakutali. Chinenero cha kumeneko ndi Chitumbuka, ndipo miyambo ya ukwati ndi yosiyana ndi ya Acheŵa kapena Ayao. Komabe mafunso amene akusautsa mabanja a kumeneko ndi omwewo amene akumveka m'maboma onse. Kodi kholo liyenera kumchitira chiyani mwana wake? Nanga mwanayo akakula ayenera kubweza chiyani? Ndani asamale nkhalamba pamene ana onse apita kutali kukafuna ndalama? Pa Kazuni mafunsoŵa amaoneka poyera, chifukwa malo olima ndi ochepa, nyama zakuthengo zili pafupi, ndipo ulendo wa kunja udazoloŵereka kuyambira nthaŵi ya makolo.

Poyamba ndi bwino kudziŵa m'mene banja la kumeneko lidamangikira. Dera la Nkhamanga, limene likulu lake ndi Bolero, ndi la ufumu wa Chikulamayembe. Mbiri imati ufumuwu udayamba ndi Mlowoka, amene adaoloka nyanja kuchokera kum'maŵa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 akuchita malonda a minyanga ya njovu, ndipo anthu amakumbukira chiyambi chimenechi pa mwambo wa Gonapamuhanya. Chakummwera kwa Kazuni kuli boma la Mzimba, kumene Angoni a M'mbelwa adakhazikika cha m'ma 1850, ndipo kubwera kwawo kudalimbitsa mwambo wa malowolo. Pa mwambowu mkazi amachoka kwawo kukakhala kumudzi kwa mwamuna, ana amakhala a kuchimuna, ndipo munda umachoka kwa bambo kupita kwa ana ake aamuna.

Kwa Acheŵa a chikamwini mwinimbumba ndi malume, koma ku Kazuni mwini wa ana ndi bambo pamodzi ndi abale ake. Mwana amaitana mkulu kapena mng'ono wa bambo ake kuti adada, monga momwe amaitanira bambo ake omubereka. Mlongo wa bambo ndi ankhazi, ndipo mawu awo ndi olemera pa nkhani za ukwati. Mlongo wa mayi ndi asibweni, kumene mwana amathaŵira zinthu zikavuta pakhomo. Motero mwana amakula ali ndi makolo ambiri, ndipo mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umakhala ndi tanthauzo lenileni. Komatu pali chinthu china chimene chimaiŵalika kaŵirikaŵiri. Popeza ana aakazi amakwatiwa kupita kwina, makolo akakalamba amayang'ana kwa ana aamuna. Koma wotunga madzi, wophika nsima ndi wosambitsa wodwala nthaŵi zambiri amakhala mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, munthu amene adabadwira kumudzi kwina.

Kale mwana sankaleredwa m'nyumba imodzi yokha. Mnyamata akasinkhuka ankagona kumphala, kumene amuna ankadyera pamodzi ndi kuweruza nkhani za pamudzi. Kumeneko ankaphunzira kusema mpini, kuluka nkhokwe, kuŵeta ng'ombe ndi kukhala chete akulu akamalankhula. Mtsikana ankagona kwa agogo ake aakazi, amene ankamlangiza za ukhondo, za ulemu ndi za pabanja. Madzulo agogo ankakamba vidokoni, zimene Acheŵa amati nthano. Mwana wamasiye sankagona ndi njala, chifukwa mbale zonse za pamudzi zinkakumana pamalo amodzi. Nayonso nkhalamba inkadya pomwepo. Chotero kulera mwana kudali ngati kuika chimanga m'nkhokwe, ndipo akulu ankati kupatsa n'kuika.

Chinthu choyamba chimene chidasintha kakhalidweka ndi sukulu. Amishoni a Livingstonia, amene adafika m'dziko muno mu 1875, adasamukira ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Dr. Robert Laws, ndipo Khondowe ali m'boma lomweli la Rumphi. Kuchokera kumeneko sukulu za m'midzi zidafalikira m'zigwa za Henga ndi Nkhamanga. Makolo a kuno adazindikira msanga kuti mwana wodziŵa kulemba ndi kuŵerenga angathe kukhala mphunzitsi, kalaliki kapena mlaliki. Kuyambira pamenepo cholowa chenicheni chimene kholo linkafuna kusiyira mwana chidakhala maphunziro. Mabanja ankagulitsa mbuzi, nkhuku ngakhalenso ng'ombe kuti alipire fizi. Mpaka lero boma la Rumphi limatchuka chifukwa cha kuchuluka kwa anthu odziŵa kuŵerenga. Fizi ya ku pulayimale idachotsedwa mu 1994, koma mtolo wa kholo sudathe, pakuti yunifomu, makope, nsapato ndi ulendo wopita kusukulu zakutali zimafunabe ndalama.

Tsono sukulu ili ndi mbali ina imene makolo adaiona pambuyo pake: mwana wophunzira sakhala pamudzi. Ntchito zolembedwa zidali ku Zomba, ku Blantyre, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Chitsanzo chodziŵika ndi cha Legson Kayira, wa m'boma la Chitipa, amene adaphunzira ku Livingstonia. Iye adanyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro apamwamba, adafika ku Khartoum patapita zaka ziŵiri, kenaka adakaphunzira ku America, ndipo adamwalirira ku London mu 2012. Dziko lidapindula ndi mabuku ake. Koma kumbuyo kwa mwana aliyense wopita kutali chotero kumatsala mayi amene adamlera, woyembekeza kalata. Kholo limene limaphunzitsa mwana limadzichotsera lokha dzanja lolimira, ndipo limatero modziŵa, chifukwa cha chikondi ndiponso chiyembekezo.

Osaphunzira nawonso adanyamuka. Msonkho wa nthaŵi ya atsamunda unkafuna ndalama, pamene ntchito za ndalama kumpoto kudalibe. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja idapeza midzi yambiri ya kumpoto itatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. Ena adapita ndi Mthandizi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena ndi Wenela ku migodi ya golide ya ku Joni, ena adangoyenda okha wapansi. Pofika 1973 Amalaŵi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adapitirira 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa Theba, koma idatheratu mu 1988.

Pa ulendo wa Wenela padali dongosolo lakuti gawo la malipiro lizisungidwa, munthu n'kudzalandira atafika kwawo. Ndalama zimenezo zidagula malata, njinga, makina osokera ndi ng'ombe za malowolo, ndiponso zidaphunzitsa ang'ono a anthu opitawo. Mwana wobwerako ankayamba wafika pakhomo pa bambo ake kukapereka bulangete ndi jekete, ndipo mayi ake ankalandira nsalu ndi duku. Koma padalinso ena amene sadabwerere, amene mudzi udawatcha matchona. Iwo adakwatira konko, makalata adaleka, ndipo makolo awo adatsikira kumanda asakudziŵa ngati mwana wawo ali moyo. Mudzi sunkadzudzula munthu chifukwa chopita, pakuti kupitako kudali kofunika. Chimene unkadzudzula ndi kuiŵala.

Pa Kazuni padagwanso nkhani ina ya malo. Mu 1977 boma lidakhazikitsa malire a nkhalango ya Vwaza, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,000, ndipo mabanja amene ankakhala m'kati mwake adasamutsidwa. Adasiya minda, mitengo ya zipatso ndi manda a makolo awo. Cholinga chidali kuteteza nyama, ndipo lero njovu, njati ndi mvuu za ku Vwaza ndi chuma cha dziko lonse. Komabe kwa bambo wa pamudzi zotsatira zake zidali zoonekeratu. Munda umene adalandira kunja kwa malire sukula, pamene ana ndi zidzukulu akuchuluka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Rumphi lidali ndi anthu pafupifupi 229,000. Bambo wa ana aamuna anayi akagaŵa munda wake panayi, palibe mmodzi yemwe angakolole zokwanira chaka. Choncho ena mwa anawo amanyamuka, kupita ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku South Africa, monga adachitira agogo awo.

Kenaka kudabwera mliri wa Edzi, umene udapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985. Matendaŵa adatenga anthu a msinkhu wapakati, omwe aja makolo adawaphunzitsa ndi kuwadalira. Zinthu zidatembenuka. Ana odwala ankabwera kuchokera m'tauni kudzadwazikidwa ndi amayi awo, ndipo atamwalira, zidzukulu zidatsala m'manja mwa agogo. Nkhalamba zimene zidayenera kupuma zidagwiranso khasu, kusaka fizi ndi kubereka makanda kumsana. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004 imfa zidachepa, koma achinyamata ambiri amene lero ndi abambo ndi amayi adaleredwa ndi agogo m'zaka zimenezo. Iwoŵa ali ndi ngongole yapadera, chifukwa agogowo adalera kaŵiri, ndipo ambiri mwa iwo alibenso mwana wowabereka amene angawayang'anire.

Masiku ano thandizo limayenda msanga kuposa kale. Kalata ya ku Joni inkatha masabata panjira, koma tsopano mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town angathe kutumiza ndalama m'maŵa kudzera ku Mukuru, kholo n'kulandira tsiku lomwelo. Wa ku Lilongwe amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndalama zotere zagula feteleza, zamanga nyumba za njerwa zootcha ndipo zapulumutsa mabanja m'miyezi ya njala ya January ndi February. Koma makolo ayenera kudziŵanso kuti moyo wa kunjako si wofeŵa. Ambiri amagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'minda ya maluŵa, amalipira lendi yokwera, ndipo ena alibe mapepala oyenera. Mu 2008 ndi mu 2015 anthu obwera adachitiridwa nkhanza ku South Africa, ndipo mu 2015 boma la Malaŵi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mwana akakhala mwezi osatumiza kanthu, nthaŵi zina ndi chifukwa chakuti iye mwini wagona ndi njala.

Palinso ntchito zimene ndalama ya pafoni singathe kugwira. Chimanga chikayamba kukhwima, cha m'ma February mpaka April, njovu zimatuluka m'nkhalango usiku, ndipo gulu limodzi lingathe kumaliza munda usiku umodzi wokha. Mbali ina ya malire idatchingidwa ndi waya wa magetsi oyendera mphamvu ya dzuŵa, ndipo mu 2023 boma lidachita pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera pamodzi nkhalango za Nyika ndi Vwaza. Zimenezi zathandiza, koma mlimi wa m'malire sagonabe tulo tonse. Kulonda munda kumafuna munthu wamphamvu wotha kukoleza moto, kuimba zitini ndi kuthaŵa njovu ikalusa. Gogo wa zaka 75 sangathe zimenezi. Sangathenso kukwera padenga kukafolera udzu, kutema nkhuni kapena kusenza ndowa kuchokera pamjigo. Pamenepa pamafunika dzanja la munthu amene ali pafupi.

Chitsanzo china ndi matenda a kaodzera, amene amafala ndi ntchentche za kashembe zopezeka m'nkhalango ya Vwaza. Boma la Rumphi ndi limodzi mwa madera amene matendaŵa amapezeka kwambiri m'Malaŵi, ndipo chiŵerengero cha odwala chidakwera mu 2019 ndi 2020. Poyamba munthu amamva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mfundo, monga malungo. Tizilombo tikafika ku ubongo wodwala amasokonezeka maganizo, amasintha khalidwe, amagona usana ndi kukhala maso usiku, ndipo akapanda kulandira mankhwala amamwalira m'miyezi yoŵerengeka. Kale mankhwala a matenda ofika pamenepa adali jakisoni wa melarsoprol, woŵaŵa ndiponso woopsa. Chipatala cha boma cha Rumphi chidatenga mbali pa kafukufuku wa mapiritsi a fexinidazole, omwa kwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti azigwiritsidwa ntchito pa mtundu uwu wa kaodzera.

Mankhwala alipo, koma wodwala kaodzera sadzitengera yekha kuchipatala. Pamafunika munthu wa pakhomo woona kuti malungo aŵa sakumva mankhwala, kuti bambo ayamba kulankhula zosamveka, kapena kuti mwana wobwera koŵeta akungosinza masana. Pamafunika wina wopeza njinga yamoto kapena galimoto, wina wokhala pambali pa bedi, wophika phala ndi kuonetsetsa kuti wodwala wadya asanamwe mapiritsi. Kholo limachitira mwana zimenezi, ndipo mwana amachitira kholo. Banja limene limayenderana limazindikira matenda msanga. Kumene nkhalamba imakhala yokha, kusokonezeka kwake kumaoneka mochedwa, ndipo nthaŵi zina anthu amakutanthauzira molakwa kuti ndi za ufiti.

Apa mpamene pali chilonda chachikulu cha masiku ano. M'maboma ambiri a dziko lino nkhalamba zakhala zikunamiziridwa ufiti, kuthamangitsidwa, kumenyedwa ngakhale kuphedwa, ndipo kaŵirikaŵiri ochita zimenezi ndi ana kapena zidzukulu zawo zomwe. Mu January 2016 m'boma la Neno anthu okalamba anayi adaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Lamulo la 1911 lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe mchitidwewu sudathe. Mnyamata bizinesi ikagwa, mwana akadwala kapena mayeso akavuta, chala chimaloza gogo wa maso ofiira ndi utsi wa m'khitchini, amene akuiŵalaiŵala chifukwa cha ukalamba. Nthaŵi zina chenicheni chimene chikufunidwa ndi munda wa gogoyo. Mudzi umene umalekerera zoterezi ukuphunzitsa ana ake m'mene adzachitire ndi makolo a lero akadzakalamba.

Kunena zoona, zolakwa sizili mbali imodzi. Dera la Kazuni ndi Bolero limalima fodya wa bale, ndipo fodya amafuna manja ambiri: kuthirira nazale m'maŵa ndi madzulo, kuokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ku Mzuzu. Kholo lina limachotsa mwana m'kalasi miyezi yathunthu kuti athandize ntchitoyi. Masamba aaŵisi a fodya, makamaka onyowa, amaloŵetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva chizungulire ndi nseru. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito zoopsa munthu wosafika zaka 18. Kuphunzitsa mwana khasu Loŵeruka kapena pa tchuthi ndi kulera, koma kumlanda sukulu chifukwa cha fodya ndi kudya mbewu. Choipanso n'chakuti ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, ndipo bambo wina amazithera kumoŵa ndi ku mitala, ana amene adasoka fodyayo n'kutsala opanda nsapato.

Kholo lina limakwatitsa mtsikana wamng'ono pofuna ng'ombe za malowolo. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 aziŵerengedwa mwana. Mtsikana wokwatiwa ali ndi zaka 15 amataya sukulu, amaika moyo wake pachiswe pobereka, ndipo sadzakhala ndi mphamvu zothandizira makolo ake m'tsogolo. Ng'ombe zimatha, koma mwana wamkazi wophunzira, kaya ndi namwino, kaya ndi mphunzitsi, amakumbukira kwawo ngakhale adakwatiwa kutali. Palinso makolo amene amasenzetsa mwana mmodzi wa pantchito mavuto a mudzi wonse, osafunsa kuti amalandira zingati ndipo akudyetsa anthu angati. Mwana wotere amayamba kuopa foni yochokera kumudzi, ndipo mapeto ake amaleka kuyankha. M'mera mpoyamba: kholo limene lidakana kusamala ana ake ali aang'ono lisadabwe likadzapeza mitima yawo itazizira.

Malamulo a dziko adalankhulapo pa mbali zonse ziŵiri. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa makolo udindo wodyetsa, kuveka, kuphunzitsa ndi kuteteza ana awo, ndiponso limapatsa ana udindo wolemekeza makolo ndi kuwathandiza pamene ali pamavuto, molingana ndi msinkhu wa mwanayo. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa anthu la 1981 limanenanso kuti munthu ayenera kulemekeza makolo ake ndi kuwasamala akasoŵa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana kukhala mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Maiko ena adapitirira pamenepa. Ku Singapore lamulo la 1995 limalola kholo lokalamba kusumira mwana wokana kulisamala, ndipo ku China lamulo la 2013 limafuna kuti ana aziyendera makolo awo okalamba.

Komabe bwalo la milandu lingathe kulamula ndalama, koma silingathe kulamula mtima. Boma nalonso lili ndi malire. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006 ndi kufalikira m'maboma onse, imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, koma imafikira gawo lochepa la mabanja. Penshoni imalandiridwa ndi amene adalembedwa ntchito, pamene mlimi wa pamudzi amene wagwira khasu zaka 50 alibe ofesi yokadandaulako. Kwa anthu ambiri a ku Kazuni, monganso a m'maboma ena, penshoni yeniyeni ndi ana awo. Chifukwa chake nkhani ya makolo ndi ana si ya ulemu wokha, ndi nkhani ya chakudya, ya denga ndi ya moyo.

Mabanja amene zinthu zikuwayendera bwino amachita zinthu zosavuta kuzimvetsa. Ana onse, aamuna ndi aakazi omwe, amakhala pansi kapena kukambirana pafoni, ndi kugaŵana ntchito poyera: uyu agule feteleza, uyu aone za chipatala, uyu afolere nyumba. Amene ali kunja amazindikira kuti mbale wawo wotsala pamudzi akupereka thukuta lake tsiku ndi tsiku, ndipo samuyesa wolephera. Amathokoza mkamwana amene akusamala apongozi ake, ndipo potumiza ndalama amamkumbukira ndi sopo, nsalu ndi fizi ya ana ake. Akatumiza zidzukulu kukakhala kwa agogo amatumizanso chakudya chawo. Thandizo laling'ono lofika mwezi ndi mwezi limaposa lalikulu lofika kamodzi pa Khirisimasi. Ndipo bulangete logulidwa m'June, kholo lili moyo ndipo likumva kuzizira kotsika kuchokera ku Nyika, lili ndi phindu kuposa bokosi lodula logulidwa tsiku la maliro.

Makolo nawonso ali ndi chopereka kufikira tsiku lomaliza. Ndiwo amadziŵa malire a minda, mibadwo ya banja, ng'ombe zimene zidaperekedwa ndi zimene zidatsala ngongole. Kholo lanzeru limanena zimenezi likadali ndi mphamvu, pamaso pa ana onse ndi pa a mfumu, kapena kulemba wilo, kuti ana asadzamenyane pamanda. Limadalitsa mwana wopereka pang'ono monga limadalitsira wopereka zambiri. Limalangiza popanda kutemberera. Oyang'anira nyama ku Vwaza amadziŵa kuti gulu la njovu limatsogozedwa ndi njovu yaikazi yokalamba, imene imakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala. Momwemonso banja limene lataya nkhalamba zake limasoŵa wolikumbutsa njira, pakuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Mafumu, mipingo ndi aphunzitsi ali ndi gawo lawo. Nyakwaŵa ingathe kudziŵa nyumba iliyonse m'mudzi mwake mmene mukugona nkhalamba yokha, ndi kuletsa mwamphamvu mchitidwe wotchulana ufiti. Amayi a Umanyano ndi magulu ena a m'mipingo, amene amayendera odwala, angathe kuona msanga pamene denga likudontha kapena nkhokwe yatha. Mphunzitsi angathe kufunsa chifukwa chimene mwana wasoŵera m'kalasi m'nyengo yothyola fodya. Koma onseŵa ndi othandizira chabe, pakuti mwini ntchito ndi banja.

Pakati pa omvera nkhani ino pali ana a ku Kazuni amene ali ku Mzuzu, ku Blantyre ndi kutsidya kwa Limpopo, ndiponso pali ana a m'maboma ena amene papita miyezi asanamve mawu a amayi awo. Palinso makolo amene maŵa m'maŵa adzasankha ngati mwana apite kusukulu kapena kuchigafa. Aliyense wa iwo akudziŵa chimene chikumuyembekeza. Akulu adati mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo adatinso chibale ndi fupa, sichiola. Ana aang'ono amene lero akuona m'mene agogo awo akusamalidwira ndi omwewo amene adzagwire dzanja la makolo awo zaka 30 zikubwerazi, ndipo adzachita zimene adaona.